Mashoti amene ndinkataya pafupi ndi mbendera

Kwa zaka zinayi khadi langa la gofu, lolembapo mashoti amene ndamenya, silinkasuntha. Ndikasewera bwino ndinkamaliza ndi mashoti 101, tsiku loipa 108, koma kawirikawiri nambala inkangozungulira pa 104 ngati mbuzi ya pachingwe. Kwa amene masewerawa simunawazolowere, bwalo limakhala ndi maenje 18, wopambana ndi amene wamenya mashoti ochepa, ndipo pa mabwalo ambiri wodziwa amayembekezeka kumaliza ndi mashoti 72, omwe ndi par ya bwalolo. Ine ndinkapitirira ndi mashoti oposa 30, pafupifupi awiri pa dzenje lililonse.

Ulesi ayi, sunali vuto langa. Ndinkakhulupirira kuti chikundigwetsa ndi driver, ndodo yomenyera kutali poyambira dzenje, choncho ndikapeza mpata ndinkathamangira ku range, malo ophunzirirapo mashoti aatali, n'kumenya ndowa yonse ya mipira ndi ndodo imodzi yomweyo mpaka m'manja kutuluka matuza. Pa mipira 60, mwina 10 inkauluka mowongoka, ndipo 10 imeneyo ndi imene ndinkaikumbukira pobwerera kunyumba. Green (malo a udzu waufupi kwambiri ozungulira dzenje) yophunzirirapo putt, komwe ndi kugubuduza mpira kuti ulowe m'dzenje, inali chapafupi pomwepo, koma ndinkailambalala ngati pakhomo pa munthu amene ndili naye ngongole.

Tsiku lina ndinaikidwa gulu limodzi ndi madala ena a zaka zoposa 70. Driver yawo inkangofika mamita 160 mwinanso osakwana. Pa dzenje loyamba ndinawapitirira ndi mamita 50 ndipo mumtima ndinawamvera chisoni. Pomaliza masewero iwo anali ndi 84, ine 103. Tikusayinirana makhadi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, mpira wanu umauluka bwino, umenewo musaukhudze. Koma kodi mukudziwa kuti pa mamita 50 omaliza mwamenya kangati lero?"

"Sindinawerenge, bambo."

"Ndakuwerengerani ine. Ka 60."

Ndinaseka poganiza kuti akucheza. Anatembenuza khadi lawo, kuseri kwake kuli timizere tapensulo. Ma putt anali 40. Mashoti afupiafupi ozungulira green, kuphatikiza a mumchenga, anali 20. Zilango za mpira wotayika ndi wogwera m'madzi zinali 4. Mashoti aatali, amene ndinkawatulutsira matuza aja, anali 39 okha. Zaka zinayi zonse ndinkaphunzira mbali yaing'ono ya masewero anga, n'kumadabwa kuti khadi silikusintha.

Madalawo anandiuza chinthu chimodzi chokha tsiku limenelo: kwa masewero asanu otsatira ndisasinthe kalikonse, ndizingolemba. Pa dzenje lililonse ndizilemba ma putt angati, kaya ndachita chip (shoti yaifupi yofikitsira mpira pa green) kawiri ndisanafike pa green, kaya ndalephera kutuluka mu bunker (malo a mchenga aja) ulendo woyamba, ndi zilango. Ndinachita zimenezo ndipo zotsatira zake zinandichititsa manyazi. Pa sewero limodzi ndinkachita ma putt atatu pa maenje 6. Kuchita chip kawiri kunkandichitikira maulendo 4 kapena 5. Mu bunker ndinkasiyamo mashoti awiri kapena atatu, ndipo zilango zinkakhala cha m'ma 4. Mukaphatikiza zonsezi mupeza mashoti 16 mpaka 18 amene sankafuna luso lapadera kuti asatayike. Chotsani 16 pa 104, mutsala ndi 88.

Pano ndinene zoona, kuopa kuti mungandimve molakwika. Pali zimene anthu amakonda kunena zoti gofu yense ali pa putt. Mark Broadie, mphunzitsi wa ku Columbia Business School ku New York, anasanthula mashoti ochuluka kwambiri a akatswiri ndi a anthu wamba, ndipo anapeza kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kusiyana kwa osewera bwino ndi osewera mofooka amachokera ku mashoti aatali, opitirira mamita 90. Njira yake yowerengera, ya strokes gained, a PGA Tour, bungwe la mipikisano ya akatswiri ku America, anayamba kuigwiritsa ntchito pa putt mu 2011. Ndiye sindikunena kuti driver ilibe ntchito. Nkhani yanga ndi ya nthawi. Kuti munthu wa zaka zanga, wa ntchito ndi banja, awonjezere mamita 20 pa driver ndi kuiwongola, pamafunika mphunzitsi ndi zaka. Kuti asiye kuchita ma putt atatu pamafunika miyezi iwiri ndi mipira itatu. Ndinayambira pomwe panali pofewa.

Phunziro loyamba pa putt linali kuchepetsa dyera. Dzenje ndi lotambalala mamilimita 108 basi. Akatswiri a PGA Tour, anthu amene amadyera momwemo, akakhala mamita 2.4 kuchokera pa dzenje amalowetsa theka la ma putt awo, theka linalo amaphonya. Akakhala mamita 10, nambala yawo imakhala ma putt awiri. Tsono ine ndinali ndani kuti pa mamita 12 ndizifuna kulowetsa kamodzi? Ndinkayang'anitsitsa mzere woti mpira udutse, kugwada uku ndi uko, koma za mphamvu osaziganizira. Mpira unkapitirira mamita atatu kapena kuperewera mamita atatu, ndipo putt yachiwiri inkakhala ija imene ngakhale akatswiri amaphonya. Ma putt atatu amabadwira pa putt yoyamba, ndipo cholakwika chimakhala mphamvu, mzere sikawirikawiri.

Maphunziro anga anali osavuta. Ndinkazika ma tee, tizikhomo toikapo mpira poyambira dzenje, pa mamita 5, 8, 11 ndi 14, n'kumagubuduza mipira itatu kupita pa tee iliyonse, popanda dzenje. Kuchotsa dzenje n'kofunika, chifukwa likakhalapo maso amathamangira kuona ngati mpira walowa, pomwe chimene mukuphunzira ndi pomwe waima. Ndikayesera kukankha ndodo ndisanamenye, ndinkayang'ana komwe ndikufuna mpira ukaime, osati pansi. Munthu akamaponyera mnzake makiyi sayang'ana dzanja lake, amayang'ana mnzakeyo, ndipo dzanja limadziwa lokha mphamvu yake. Ndinasiyanso kumenya mpira mokhoma. Putt yaitali imafuna kukoka ndodo kumbuyo kwambiri, yaifupi pang'ono, koma liwiro la kayendedwe ka manja likhale lomwelo.

Dave Pelz, amene anagwirapo ntchito ku NASA, bungwe la za mumlengalenga la ku America, asanayambe kuphunzitsa mashoti afupiafupi, ankalangiza kuti mpira ukaphonya uziima masentimita 43 kupitirira dzenje, chifukwa pa liwiro limenelo susokonezedwa kwambiri ndi timabampu ta mapazi a anthu pafupi ndi dzenje. Pa ma putt a mamita anayi kutsika m'munsi langizoli ndimalitsata. Pa aatali ndimangojambula m'maganizo bwalo lozungulira dzenje, mita imodzi mbali zonse, ndipo mpira ukaima m'katimo ndimadziwerengera kuti ndapambana, kaya waperewera kaya wapitirira.

China chimene ndinazindikira mochedwa n'chakuti green imasintha pa tsiku limodzi lomwelo. M'mawa kukali mame mpira umayenda mwaulesi, dzuwa likaumitsa udzu umathamanga. Osamalira mabwalo amayeza liwiroli ndi kachipangizo kotchedwa Stimpmeter, koma inu simufunika kachipangizo. Mphindi 10 pa green yophunzirira musanayambe sewero zimakuuzani zonse. Masiku ano ndikafika mochedwa n'kukhala ndi mphindi 10 zokha, range ndimaisiya.

Pa kuwerenga mzere ndili ndi mawu ochepa. Yambani kuona kutsetsereka kwa green mukadali patali, mukuyenda kubwera, chifukwa mukaima pamwamba pake maso amanama. Funsani kuti mvula itagwa madzi angalowere kuti. Ndipo mukaganiza kuti mpira ukhota pang'ono, onjezani. Nditayamba kulemba ndinapeza kuti ma putt anga okhota pafupifupi onse ankadutsa kumunsi kwa dzenje. Mpira wodutsa kumtunda umakhala ukubwera ku dzenje pamene ukutha mphamvu, wodutsa kumunsi umakhala ukuthawa.

Ma putt a mita imodzi anandivuta pa chifukwa china. Anzanga osewera nawo ndi anthu abwino mtima, ndipo mpira ukaima pafupi ankati, "Tolani, tapereka." Ndinkatola mokondwa. Koma kupatsana putt kumaloledwa pa match play pokha, pomwe amawerenga maenje amene munthu wapambana. Pa mpikisano wowerenga mashoti mpira uyenera kugwera m'dzenje, ndipo ine ndinkafika pa mpikisano ndisanamenyepo putt ya mita imodzi kwa mwezi wathunthu, manja ali njenjenje. Ndinawapempha kuti asiye kundipatsa. Masabata oyamba khadi linakwera ndi mashoti awiri kapena atatu, umboni woti ngakhale 104 uja anali wonama. Chimene chinandichiritsa ndi kusadzutsa mutu: ndimamenya, n'kumangoyang'ana pomwe panali mpira mpaka khutu limve kugwa kwake. Kuyambira mu 2019 malamulo amalola kuchita putt mbendera ili m'dzenje. Ine pa ma putt aatali ndimaisiya kuti indithandize kuona mtunda, pa afupi ndimaichotsa chifukwa dzenje limandionekera lalikulu. Apa aliyense achite chimene chimamukhazika mtima pansi.

Tsopano chip, pomwe panali matenda anga enieni. M'chikwama mwanga munali lob wedge ya madigiri 60, ndodo yokwezera mpira m'mwamba kwambiri, ndipo ndinkaitulutsa paliponse mpira ukaphonya green. Ndinali nditaonera kambirimbiri chip ya Tiger Woods pa dzenje la 16 ku Augusta mu mpikisano wa Masters wa 2005, mpira ukutsetsereka pang'onopang'ono, kuima pamlomo pa dzenje, kenako n'kugwera. Ndinkafuna zoterozo. Zimene ndinkapeza zinali ziwiri: kukumba nthaka mpira n'kungosuntha mita imodzi, kapena kuumenya pamimba ndi mlomo wa ndodo n'kuuluka ngati chipolopolo kudutsa green yonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Madala aja atandionanso anandifunsa kuti, "Achimwene, amapereka mphoto ya mpira wokwera kwambiri kodi?" Kenako anandikumbutsa za Todd Hamilton, amene anapambana mpikisano wa Open wa 2004 ku Royal Troon pogonjetsa Ernie Els pa maenje owonjezera. Sabata yonseyo Hamilton akakhala kunja kwa green ankagubuduza mpira ndi hybrid, ndodo imene anthu amamenyera mashoti aatali, ndipo pa dzenje lomaliza anachitanso chimodzimodzi, mpira n'kukaima pafupi kwambiri ndi mbendera. Lamulo limene anandipatsa ndimaliyendera mpaka lero. Ngati udzu wa pakati pa mpira ndi green ndi waufupi, tengani putter, ndodo ya putt. Ngati putter siingadutse, chitani chip yotsika ndi 8-iron kapena pitching wedge, ndodo zimene sizikweza mpira ngati lob wedge. Mpira muukweze m'mwamba pokhapokha pali bunker kapena udzu wautali woti muulumphe. Putt yoipa imasiya mpira mamita atatu kuchokera pa dzenje, pomwe lob yoipa imakusiyani pamalo omwewo kapena kutsidya lina.

Kukumba ndi kumenya pamimba zimaoneka ngati zolakwika ziwiri zosiyana, koma muzu wake ndi umodzi. Ndodo ikamayenda imakhala ndi malo amene imatsika kwambiri, ndipo kwa ine malowo ankakhala kumbuyo kwa mpira, chifukwa ndinkatsamira pa phazi lakumbuyo n'kumayesa kuutapa mpira ndi manja kuti ukwere. Ndodo ikagunda nthaka pamenepo ndiye kukumba, ikaphonya nthaka imapeza mpira ikukwera kale ndiye pamimba. Nkhope ya ndodo anaipendeketsa kale ku fakitale kuti izikweza mpira, sifunika thandizo langa. Ndinayandikizitsa mapazi, thupi n'kutsamira pa phazi lakutsogolo n'kukhala pomwepo mpaka shoti itatha. Mpira uli pakati kapena kumbuyo pang'ono, manja ali patsogolo pake pang'ono, ndodo ndaigwira chakumunsi. Chimayenda ndi mapewa ndi chifuwa, mfundo za manja zili phee. Ndikamaliza, chifuwa chimakhala chitayang'ana komwe mpira wapita.

Kenako ndinasiya kuyang'ana mbendera. Ndinkayala kathaulo pa green, mita imodzi kapena ziwiri kuchokera m'mphepete, n'kumaphunzira kugwetsa mpira pamenepo ndi ndodo zosiyanasiyana, ndikuona kuti iliyonse ikugubuduza bwanji. Pa green zimene ndimasewerapo, sand wedge (ndodo ya mumchenga) imagubuduza mtunda wofanana ndi umene yaulutsa, pitching wedge kuwirikiza kawiri, 8-iron katatu kapena kanayi. Zanu muziyeze nokha, chifukwa zimatengera liwiro la green ndi mtundu wa mpira. Ndi chifukwa chakenso ndinasiya kusewera ndi mipira yotolatola, lero wolimba mawa wofewa. Ndinasankha mtundu umodzi.

Cholakwika chimene ndinachita poyamba ndi kukhuthula mipira 30 pamalo amodzi abwino n'kumamenya motsatizana. Pofika mpira wa 10 ndinkakhala katswiri, koma pa bwalo palibe mpira wa 10. Ndinasintha n'kuyamba kamasewero ka mpira umodzi. Ndimauponya pamalo 9 osiyanasiyana kuzungulira green, pomwe wagwera ndi pomwepo, ngakhale utalowa mu udzu. Ndimachita chip, n'kumaliza ndi putter mpaka ulowe. Malo alionse par yake ndi 2, ndiye zonse ndi 18. Tsiku loyamba ndinapeza 29. Lero ndimakhala pa 22 kapena 23. Kamaseweroka kamatenga mphindi 25 ndipo kamabweretsa kamantha kofanana ndi ka pa bwalo, makamaka mukapikisana ndi mnzanu.

Mchenga ndinkauopa kwambiri moti ndinkathawa bunker n'kukagwera m'madzi. Chinandimasula ndi kumvetsa mmene sand wedge anaipangira. Gene Sarazen ndi amene amatchulidwa kuti anayambitsa ndodoyi mmene tikuidziwira lero. Anawonjezera chitsulo kunsi kwake kuti isamamire mumchenga koma izidutsamo motsetsereka, ndipo anapambana nayo Open ya 1932 ku Prince's. Kutupa kwa kunsiko amakutcha bounce, ndipo kumagwira ntchito bwino nkhope ya ndodo ikatsegulidwa, kuyang'ana kumwamba. Ine ndinkalowa mu bunker nkhope ili yotseka ngati khasu, n'kukumba, mpira n'kutsala momwemo.

Zimene ndimachita tsopano ndi izi. Ndimatsegula nkhope kaye, kenako n'kugwira ndodo, chifukwa mukagwira kaye n'kupotoza manja, nkhope imabwerera pomenya. Ndimatambasula miyendo, kukwirira mapazi pang'ono, kutsamira kutsogolo, mpira uli chakutsogolo kwa pakati. Ndodo imalowa mumchenga masentimita 4 kapena 5 kumbuyo kwa mpira ndipo mpirawo suukhudza n'komwe, umanyamulidwa ndi mchenga. Chovuta ndi mtima. Mbendera ili mamita 10 okha, koma muyenera kumenya ngati shoti ya mamita 30 kapena 40, ndipo thupi limakana. Mukachepetsa liwiro pofika pa mchenga, mwatsala. Ndinaphunzira popanda mpira: kujambula mzere mumchenga n'kumayenda nawo ndikumenya, kufikira ndodo itayamba kulowa pa mzere penipeni ndi kuwaza mchenga pa green. Mpira ndinauika patapita masiku awiri.

Malamulo a mu bunker muwadziwe, angakupulumutseni. Simuloledwa kukhudza mchenga ndi ndodo kutsogolo kapena kumbuyo kwenikweni kwa mpira, poyesera, kapena pokoka ndodo kumbuyo. Pa mpikisano wowerenga mashoti chilango chake ndi mashoti awiri. Koma kuyambira 2019 mutha kuchotsa masamba ndi timiyala, ndipo mpira ukakwiririka pansi pa khoma la bunker mutha kuutulutsa n'kuugwetsa kunja, chakumbuyo pa mzere wa mbendera, polipira mashoti awiri. Ndinachitapo zimenezi kamodzi anzanga akundiseka. Ndinalemba 7. Mwezi wapitawo pa bunker yomweyo ndinali nditalemba 10.

Mtunda wa pakati pa mamita 30 ndi 80 ndi umene ambirife sitiuphunzira, chonsecho munthu wophonyaphonya green amaupeza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa sewero. Ndinabwereka nzeru ya wotchi ya Pelz yemwe uja: mkono wakutsogolo uziima ngati muvi wa wotchi pa hafu pasiti 7, pa 9 koloko, kapena pa hafu pasiti 10, kenako n'kumenya ndi liwiro limodzimodzi. Ndi ma wedge atatu mumapeza mitunda 9. Ndinathera madzulo awiri ndikumenya mipira 10 pa uliwonse, kuyeza ndi mapazi pomwe yambiri yagwera, osati pomwe wagwera wabwino koposa, n'kulemba pa kakhadi komwe kamakhala m'thumba. Sand wedge yanga pa 9 koloko ndi mamita 52. Kudziwa chabe nambala imeneyo kunathetsa chizolowezi chokoka ndodo kwambiri n'kumaigwira mabuleki potsika.

Zonsezi zikanapita pachabe ndikanapanda kusintha kaganizidwe. Pa bwalo la par 72, kupitirira ndi shoti imodzi pa dzenje lililonse, komwe ndi bogey, kumapereka 90. Nditaona zimenezi ndinatenga pensulo n'kuwonjezera 1 pa par ya dzenje lililonse pa khadi langa. Dzenje la par 4 la mamita 390, limene ndinkalimbana nalo ndi 3-wood, ndodo ina yomenyera kutali, pa shoti yachiwiri, linasanduka losavuta: shoti ya pa tee (poyambira dzenje), 7-iron, wedge ya mamita 52 ija, ma putt awiri. Ndinasiya kulondola mbendera yozikidwa m'mphepete, n'kumaloza pakati pa green. Ndikaphonya, ndiziphonyera mbali imene kuli malo ambiri ogubuduzira mpira, osati mbali yopanikizika imene imakakamiza lob. Ndinayambanso kutenga ndodo yaitaliko ndi nambala imodzi, chifukwa zolemba zanga zinaonetsa kuti green ndinkaiperewera nthawi zambiri, kuipitirira kamodzikamodzi.

Mpira ukalowa m'mitengo ndimakumbukira Jean van de Velde. Mu Open ya 1999 ku Carnoustie anafika pa dzenje lomaliza, la par 4, akutsogola ndi mashoti atatu. 6 inali yokwanira kuti atenge chikho. Anamenya driver, shoti yachiwiri inagunda pokhala anthu oonerera n'kubwerera mu udzu wautali, yachitatu inagwera mu mtsinje wa Barry Burn, mpaka anavula nsapato n'kulowa m'madzi asanasinthe maganizo. Analemba 7, ndipo chikho chinapita kwa Paul Lawrie pa maenje owonjezera. Ngati zinamuchitikira munthu woteroyo, kampata ka pakati pa mitengo iwiri kamene ndikukaona ine si kanga. Ndimatulutsira mpira chambali pa fairway, njira ya udzu waufupi yopita ku green, n'kupitiriza.

Ngati muli ndi handicap, nambala yoyezera luso la wosewera, dziwani kuti World Handicap System, imene inayamba mu 2020, imatenga masewero 8 abwino pa 20 omaliza, ndipo dzenje limodzi loipa siliwerengedwa kupyola net double bogey, yomwe ndi par kuwonjezera mashoti awiri ndi mashoti amene handicap imakupatsani pa dzenjelo. Choncho handicap ikhoza kuoneka bwinoko pomwe khadi lenileni likadali ndi ma 9 ndi ma 10. Ine ndimadziyeza ndi khadi lenileni, ndi timizere tinayi tija.

Musayembekezere kuti nambala izitsika sabata ndi sabata. Miyezi iwiri yoyamba ndinakhala pa 100 ndi 102, ndipo tsiku lina ndinabwerera pa 107 n'kutsala pang'ono kuitulutsanso lob wedge m'galaja momwe ndinaitsekera. Chinandigwira ndi timizere: ma putt atatu anali atatsika kuchoka pa 6 kufika pa 3, kungoti tsikulo ndinataya mipira isanu pa tee. Mwezi wachinayi ndinapeza 96, wachisanu ndi chimodzi 93. Nthawi yophunzira sinawonjezeke, anali maola awiri omwewo pa sabata. Ola limodzi ndi theka linkapita ku putt, chip ndi mchenga, theka la ola ku mashoti aatali.

89 inabwera mwezi wachisanu ndi chinayi, ndipo ndinali ndi madala omwe aja. Sindinadziwe kuti ndili pafupi, chifukwa ndinali nditasiya kuphatikiza khadi pakati pa sewero. Pa dzenje la 18 shoti yanga yachitatu inaperewera green ndi mamita 6, pa udzu waufupi. Dzanja linapita lokha ku sand wedge. Madalawo anakhosomola, osanena kanthu. Ndinabweza n'kutenga putter, mpira n'kukaima mita imodzi kumtunda kwa dzenje. Mnzathu wachitatu anati, "Tolani, tapereka," madala n'kuyankha kuti, "Ayi, asiyeni amalize okha." Ndinayang'ana pansi mpaka ndinamva kugwa. Titaphatikiza, ma putt anali 33, chip yobwereza imodzi, chilango chimodzi. Iwo anali ndi 85.

Chikundisautsa pakadali pano ndi chip ya pamalo otsetsereka, pamene mpira uli pa nthaka youma yopanda udzu wokwanira ndipo green ikuthawira kutsogolo. Masewero atatu apitawa yandidyera mashoti asanu. Madala akuti ndiyese hybrid ndi kagwiridwe ka putter, chidendene cha ndodo chitadzuka pang'ono. Loweruka ndikayesa kuseri kwa green yophunzirira, komwe kuli kamtunda kouma kofanana ndi ka pa dzenje la 7.